Mapulagini a Obsidian kwa ife a kunyanja: oika ndi ati, osiya ndi ati

Achemwali anga amachita geni ya usipa. Amapikula m'madoko a kuno ku Nkhotakota, kuyanika pathandala, n'kumatumiza matumba ku Kasungu ndi ku Lilongwe. Kwa zaka zambiri ofesi yawo yonse inali kope limodzi lokutira ndi pulasitiki, mpaka tsiku lina mwera utavuta kopelo linamwa madzi m'boti, inki n'kuyenderera, mayina a angongole n'kusanduka mitambo yabuluu. Angongole ena anakumbukira okha. Ambiri anadwala matenda oiwala.

Ine ndiye ndinawasamutsira mawerengero awo pafoni, m'pulogalamu yotchedwa Obsidian, imene ndinkasungiramo kale zolemba zanga. Chiyambire pamenepo mafunso sakutha. Ena ndi a achemwaliwo, ena ndi a mphunzitsi wa mbiri yakale pasekondale ina, ena ndi a mlembi wa komiti yoyang'anira usodzi padoko lina kufupi ndi Chia. Ndawasonkhanitsa pano.

Kodi Obsidian n'chiyani, ndipo ikuposa bwanji kudzilembera uthenga pa WhatsApp?

Ndi pulogalamu yolembera manotsi imene Shida Li ndi Erica Xu anatulutsa mu 2020, ya pafoni n'kutsatira mu 2021. Tsamba lililonse limene mwalemba limakhala fayilo yakeyake ya malemba wamba, m'kalembedwe kotchedwa Markdown kamene John Gruber anayambitsa mu 2004. Mafayilowo amakhala m'foda ya m'foni mwanu momwemo, imene eni ake a Obsidian amaitcha vault. Netiweki ikasowa, bandulo ikatha, mumalembabe. Salipiritsa, ndipo kuyambira 2025 ngakhale ogwiritsa ntchito pabizinesi sakakamizidwanso kugula chiphaso.

Mphamvu yake ili pa kulumikiza masamba. Mukalemba dzina pakati pa timipanda tiwiritiwiri, chonchi [[Chia]], dzinalo limasanduka khomo lolowera kutsamba la Chia. Mukatsegula tsamba la Chia, mumatha kuona masiku onse amene munatchulapo dokolo. Achemwali akafuna kudziwa zimene anachitirana ndi mwini boti wina chiyambire Juni, amangotsegula tsamba la dzina lake. Pa WhatsApp akanasesa mauthenga ndi chala mpaka nsima kuzizira.

Nanga mapulagini akubwera pati?

Pulagini ndi kachidutswa koonjezera ntchito imene pulogalamuyo payokha sichita. Ali mitundu iwiri. Ena amabwera kale mkati, opangidwa ndi eni ake a Obsidian, monga Daily notes, Templates, Canvas ndi Bases. Ena, amene aposa 2,000, amapangidwa ndi anthu wamba m'maiko osiyanasiyana, ambiri mongodzipereka nthawi yoweruka kuntchito. Awa ndiwo amakoka anthu, ndipo ndiwo amagwetsa anthu.

Ine sabata yoyamba ndinaika 23. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Pa laputopu zinkayenda, koma pafoni ya achemwali, ya RAM ya 2 GB, pulogalamuyo inkatenga nthawi kuti itseguke moti wogulitsa nsomba ankafika potembenukira kwa wogula wina. Pulagini iliyonse yoyatsidwa imadzuka nthawi imene pulogalamu ikutseguka, ndiye zili ngati bwato: aliyense wokwera amalitsitsa pang'ono m'madzi.

Muyezo wanga tsopano ndi umodzi, ndipo muuona ukubwerera m'mayankho onsewa. Ndimafunsa kuti: pulagini imeneyi itafa mawa, kapena foni itagwera m'nyanja n'kutsala mafayilo okha pa memore khadi, zimene ndinalemba zingawerengekebe ndi maso?

Ndinaona chenjezo ndisanayatse. Kodi mapulaginiwa angabe zinthu zanga?

Angathe, ndipo chenjezolo si lokongoletsa. Obsidian imayamba ili mu Restricted mode, kutanthauza kuti mapulagini a anthu akunja ndi otsekeredwa mpaka inu mutatsegula nokha. Chifukwa chake n'chakuti pulagini ikalowa imatha kuwerenga masamba anu onse ndi kulankhula ndi intaneti, ndipo pakompyuta imafikira ngakhale mafayilo ena a kunja kwa vault. Eni ake a Obsidian amaunika pulagini ikamalowa m'ndandanda wawo, koma musawerengere kuti munthu wakhala pansi kuwerenga kusintha kulikonse kumene mwini pulagini akutumiza pambuyo pake.

Kwa mlembi wa komiti uja nkhaniyi ndi yaikulu. M'masamba mwake muli mayina a asodzi, maboti awo, ndi amene anagwidwa ndi maukonde oletsedwa kapena akukoka nthawi imene nyanja yatsekedwa kuyambira pa 1 Novembala. Zimenezi zikatayikira kunja, mudzi ukhoza kuyaka. Dziko lathu lilinso ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu, Data Protection Act la 2024, limene MACRA imayang'anira. Ndinamuuza kuti aike okhawo amene anthu ochuluka akhala akugwiritsa ntchito kwa zaka, ndipo a nzeru zopangidwa za AI, amene ambiri amatumiza zolemba kumaseva akunja, asawayandikire n'komwe.

Ndikufuna tebulo la mitengo ya usipa mwezi wonse. Dataview kapena Bases?

Apa ndiye pagona mkangano weniweni, tiyeni tikhalepo.

Dataview ndi imodzi mwa mapulagini otchuka kwambiri. Mumalemba mizere yokhala ndi timadontho tinayi paliponse m'tsamba, monga doko:: Chia, pansi pake zigoba:: 12, pansi pakenso mtengo ndi nambala yake. Kenako patsamba lina mumalemba lamulo lalifupi la m'Chingerezi, loyamba ndi mawu ngati TABLE ndi FROM, ndipo Dataview imasesa masamba onse n'kukumangirani tebulo. Imathanso kuphatikiza ndi kusanja, mwachitsanzo madoko otchipa pamwamba. Vuto lake n'lakuti muyenera kuphunzira kachilankhulo kake, ndipo mukasemphanitsa chilembo chimodzi tebulo lonse limasanduka uthenga wodandaula. Achemwali anayesa kamodzi, n'kundibwezera foni: "Achimwene, ine sukulu ndinamaliza kale."

Bases inabwera mu 2025 ndi Obsidian 1.9, ndipo ndi ya eni ake. Simulemba lamulo, mumangodina n'kusankha zimene zioneke. Koma imawerenga zokhazo zimene mwalemba m'kabokosi ka pamwamba pa tsamba, kotchedwa Properties. Mizere ya timadontho tinayi ija, yomwazikana pakati pa nkhani, siiona. Chachiwiri, kwa Bases tsamba limodzi ndi mzere umodzi wa tebulo. Achemwali akapikula m'madoko atatu tsiku limodzi, ayenera kutsegula masamba atatu kuti kugula kulikonse kukhale ndi mzere wake. Dataview ingathe kutola zonse zitatu m'tsamba limodzi, ngati woilamula akuidziwa bwino.

Ine ndinasankha Bases pafoni ya achemwali, ndipo kugula kulikonse kuli ndi tsamba lake laling'ono. Zifukwa ndi ziwiri. Ndi yopepuka pafoni yofooka, komanso siidzasiyidwa pamsewu malinga Obsidian ilipo, pamene wopanga Dataview anayamba kale kumanga ina yoilowa m'malo yotchedwa Datacore. Pa laputopu panga Dataview ikadalipo chifukwa ndili ndi masamba akale ambirimbiri olembedwa m'njira yake. Amene mukuyamba lero, lembani manambala anu mu Properties. Onse awiri amawerenga mmenemo, ndiye simudzadzimangirira kwa mmodzi.

Dziwaninso ichi: tebulo la onse awiriwa ndi chithunzithunzi chabe, limamangidwa nthawi imene mukuliona. Mukatsegula fayiloyo m'pulogalamu ina mupeza lamulo lokha, tebulo mulibe. Manambala enieni ali m'masamba ang'onoang'ono aja. N'chifukwa chake pakutha pa mwezi ndimalemba chiwerengero chonse ndi dzanja, m'mawu wamba, patsamba la mweziwo.

Padoko m'mawa palibe nthawi yolemba zambiri. Chothandiza kufulumira n'chiti?

Amene sanafikepo padoko maboti a chilimira akamakocheza sangamvetse funsoli. Alovi akutsitsa, amayi akukankhana ndi mabeseni, mtengo ukusintha boti lililonse likafika, manja ali ndi mamba. Munthu ali ndi chala chimodzi chouma.

Pali atatu oyerekeza. Templates, ya eni ake, imakuikirani chikombole chimene munakonza kale, chokhala ndi tsiku ndi malo olembapo doko, zigoba ndi mtengo. Templater imachita zomwezo mwaukadaulo: ingakufunseni mafunso, kuwerengetsa masiku, kutcha fayilo dzina ndi kuiponya m'foda yoyenera. Koma imayendetsa JavaScript, choncho chikombole chimene mwakopera kwa munthu wosamudziwa chikhoza kuchita zimene simunatume. QuickAdd ndiyo ndimaikonda pantchito iyi. Mumadina kamodzi, kabokosi kamatseguka, mumalemba, ndipo yokha imapanga tsamba latsopano kuchokera pachikombole kapena kuponya mzerewo pansi pa tsamba limene munasankha kale.

Kuikonza koyamba QuickAdd kumatopetsa, ndinatha madzulo athunthu. Koma zimene imasiya ndi malemba wamba. Mukaichotsa, palibe chimene chimasowa kupatula liwiro.

Za ngongole bwanji? Tasks kapena Kanban?

Tasks. Obsidian payokha imadziwa kale timabokosi tochonga. Tasks imaonjezera tsiku lomaliza pa kabokosi kalikonse, n'kusonkhanitsa tonse tosachongedwa kuchokera m'masamba onse pamalo amodzi, oyandikira tsiku pamwamba. Achemwali amalemba ngongole patsamba la mwini ngongoleyo, ndipo Lachisanu amatsegula tsamba limodzi lotchedwa Angongole n'kuyamba kuimba mafoni. Zopereka za kubanki mkhonde, zobwerezabwereza sabata iliyonse, imazidziwanso.

Kanban imayala makhadi m'mizati, oti muziwakoka kuchoka pa "wapikulidwa" kupita pa "uli pathandala" mpaka "watumizidwa". Pakompyuta imakongola. Pagalasi laling'ono la foni, kukoka khadi ndi chala chonyowa ndi masewera a ana. Mlembi wa komiti amaigwiritsa ntchito pa laputopu polondola milandu imene ikudikira kupita kwa amfumu, ndipo pamenepo ikumuthandiza.

Onse awiri amakhoza mayeso anga aja, chifukwa pansi pake ndi mindandanda wamba. Koma musayembekezere kuti Tasks ikulizirani belu. Pulogalamu ikakhala yotseka, ili chete. Alamu ya foni ikadali ndi ntchito.

Foni ikatayika kapena kugwera m'madzi, zonse zapita?

Ngati simunasunge kwina, inde. Ubwino woti mafayilo ali m'manja mwanu ndi womwewonso umene umakusiyani nokha tsiku la tsoka. Kuno foni imafa ndi madzi, mchenga, akuba pamsika, ndi kutchajitsa pamagetsi osakhazikika.

Njira ya eni ake ndi Obsidian Sync. Imagwira bwino ntchito, imabisa zolemba kuti ngakhale iwo asawerenge, ndipo imayambira pa madola 4 pamwezi mukalipira chaka chonse. Madola anayi akumveka ochepa kwa wa ku London. Kwa ife, pambuyo poti kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, komanso ndi mmene ndalama zakunja zikusowera, funso limakhala lakuti khadi yolipirira muipeza kuti.

Mwa mapulagini a anthu wamba, Remotely Save ndiyo yofikirika. Imatumiza vault yanu ku Dropbox, OneDrive kapena malo ena otere, imagwira pafoni, ndipo mungaike pasiwedi kuti mafayilo apite obisika. Malemba okhaokha salemera, masamba mazanamazana sangamalize bandulo ya tsiku. Chimene chimadya deta ndi zithunzi, ndiye ma risiti ojambula muziwasamala. Git ndi ya akatswiri a makompyuta, imasunga mbiri ya kusintha kulikonse, koma oipanga amachenjeza okha kuti pafoni ndi yosadalirika. Self-hosted LiveSync imafuna kuti mukhale ndi seva yanuyanu, zimene kwa wogulitsa usipa n'chimodzimodzi kumuuza kuti agule sitima ya Ilala.

Chinandichitikira ine ndi ichi, ndipo wolakwa ndinali ine ndemwe. Ndinasintha tsamba la Angongole pa laputopu usiku magetsi atazima, netiweki palibe. M'mawa achemwali anasintha tsamba lomwelo pafoni ali kudoko. Zipangizo ziwirizo zitakumana pa intaneti, kusintha kwa mmodzi kunaphimba kwa mnzake, mayina anayi n'kusowa. Chinatipulumutsa ndi File recovery, pulagini ya eni ake imene imasunga zithunzi za tsamba pakapita mphindi 5 zilizonse kwa masiku 7. Koma imasunga pachipangizo chomwecho, ndiye foni ikamira nayonso yamira. Tsopano lamulo lathu ndi lakuti tsamba limodzi, mlembi mmodzi. Ndipo Lamulungu lililonse ndimakopera foda yonse pafulashi imene imakhala m'chitini cha tiyi kunyumba kwa amayi. Kutumiza mafayilo uku ndi uku sikusunga: mukafufuta mwangozi kuno, kufufutako kumapitanso uko.

Ndimalemba m'Chichewa. Kodi kufufuza mawu kumagwira?

Kumagwira, ndipo apa chida cha eni ake chimatikomera mwangozi. Mawu athu amavala zovala kutsogolo: anagula, ndagula, sanagule, adzagula. Search ya mkati mwa Obsidian imafuna zilembo zimene mwalemba paliponse pamene zili, ngakhale pakati pa liwu. Mukalemba gul zonsezo zimabwera. Omnisearch, imene ambiri amaitama, imasanja zotsatira mwanzeru ndipo imakhululuka mukaphonya chilembo, koma imayang'ana kwambiri kumayambiriro kwa liwu, kumene kwa ife ndi kumene kumasinthasintha. Imathandiza pa mayina, monga pamene simukukumbuka ngati munalemba kampango kapena kampangu. Pa aneni ndimabwerera ku Search wamba.

Za mayina a malembedwe angapo simufunika pulagini. Mu Properties muli malo otchedwa aliases. Tsamba la Nkhotakota mungalipatse mayina ena, Nkhota Kota ndi Kota Kota monga analembera azungu akale, ndipo lililonse lidzakufikitsani pakhomo lomwelo. Momwemonso doko ndi madoko, mlovi ndi alovi, ndi mawu amene ena amalemba ndi ŵ pamene ena amangoika w.

Ndine mphunzitsi. Pali chothandiza ana kuloweza za mayeso a MSCE?

Spaced Repetition. Mumaika chizindikiro #flashcards patsamba, n'kulemba funso ndi yankho pamzere umodzi, chonchi: Livingstone anafika koyamba ku Nkhotakota chaka chanji::1861. Pulaginiyo imabisa yankho, imakufunsani, ndipo malinga ndi mmene mwayankhira imaika tsiku lodzakufunsaninso. Chovuta chimabwerera msanga, chophweka chimatalikira. Ena amakonda kutumiza makhadi awo ku Anki, pulogalamu ina yapadera ya ntchito yomweyi, koma kumeneko n'kusamala nyumba ziwiri.

Mphunzitsi uja anachita chinthu chimene chinandisangalatsa. Ali ndi tsamba la Jumbe Salim bin Abdallah, amene anakhazikika kuno cha m'ma 1840 n'kumawolotsa akapolo ndi minyanga panyanja, ndipo analilumikiza ku tsamba la mtengo uja umene alendo amadzaona pokumbukira Livingstone, ku tsamba la Chisilamu m'mbali mwa nyanja, ndi ku tsamba la mpunga. Mwana akamaloweza chaka n'kuiwala chifukwa chake, amadina dzina n'kugwera m'nkhani yonse. Makhadi ali mkati mwa manotsi momwemo.

Msampha ulipo umodzi. Timadontho tinayi timene Spaced Repetition imalekanitsira funso ndi yankho ndi tomwe tija ta Dataview. Mukaika onse awiri, Dataview imayamba kuona mafunso anu ngati manambala ake. Mu Settings ya Spaced Repetition mungasinthe chizindikirocho, ndipo chitani zimenezo musanalembe makhadi 300.

Nanga Excalidraw ndi Calendar, amene aliyense amawatchula?

Excalidraw ndi yojambulira, yamphamvu zedi, koma ndi yolemera ndipo chojambulacho popanda iyo sichioneka, mumangoona zilembo zosamveka. Mlembi wa komiti ankafuna mapu osonyeza malo oswerana nsomba pafupi ndi pamene Chia amathira m'nyanja. Ndinamuuza ajambule papepala pamodzi ndi asodzi, ajambule pepalalo ndi foni, aliike m'tsamba. Asodzi amakhulupirira mapu amene anagwirapo pensulo. Ngati mukungofuna kuyala masamba n'kuwalumikiza ndi mivi, Canvas ilimo kale chiyambire kumapeto kwa 2022.

Calendar ndi yaing'ono, imaika kalendala pambali kuti mudine tsiku n'kutsegula tsamba lake. Yakhala zaka osakonzedwanso koma ikugwirabe. Ikadzaleka, masamba a masiku adzakhalapobe.

Za Graph view, chithunzi chija cha timadontho tolumikizana ngati ukonde woyanika, ndinene zoona: n'chokoma kuonetsa anzanu. Sichinandipezerepo ngongole ngakhale imodzi.

Bandulo ndilibe. Ndingatenge pulagini kwa mnzanga ngati mmene timapatsirana nyimbo?

Zimatheka. Mkati mwa vault muli foda yobisika yotchedwa .obsidian, ndipo mmenemo muli ina yotchedwa plugins. Pulagini iliyonse ndi kafoda kokhala ndi mafayilo ochepa, makamaka main.js ndi manifest.json, nthawi zina ndi styles.css. Mukakopera kafodako ndi chingwe, Bluetooth kapena memore khadi n'kukaika pamalo omwewo m'foni ina, n'kutsegulanso pulogalamu, pulaginiyo imaoneka m'ndandanda kudikira kuyatsidwa. Pafoni muyenera kuuza pulogalamu yoonera mafayilo kuti ionetse zobisika.

Samalani ziwiri. M'kafodako mumakhalanso data.json, mmene muli zokonda za mwini wake, ndipo kwa mapulagini otumiza mafayilo mungakhale makiyi olowera ku Dropbox yake. Imeneyo musakopere, ndipo yanu musapereke. Chinanso, fayilo yodutsa m'manja ambiri simudziwa amene waigwiragwira, choncho tengani kwa munthu amene anaidawuniloda yekha kuchokera m'ndandanda wa Obsidian. Mapulagini ena ndi a pakompyuta pokha, pafoni sayaka ngakhale mutakopera bwino.

Ndiye pafoni ya achemwali anu pali angati lero?

Atatu: QuickAdd, Tasks ndi Remotely Save. Zina zonse akuchita ndi zimene zinabwera kale mkati. Pulogalamu ikutseguka boti lisanamalize kukocheza.

Kope sanalisiye. Anagula lina, ndipo padoko pakakhala phokoso lambiri amayamba alemba mmenemo ndi pensulo, poti pensulo siyenderera, n'kudzasamutsira pafoni masana usipa uli pathandala. Sabata yatha mwini boti wina anakana kuti analandira ndalama ya zigoba zisanu ndi chimodzi mu Ogasiti. Achemwali anatsegula tsamba la dzina lake, n'kumuwerengera tsiku, doko, ndi mzere umene analemba okha tsikulo wakuti anabwera ndi mwana wake wamng'ono atavala yunifolomu. Bamboyo anaseka, n'kunena kuti abweretsa nsombazo Lachiwiri.